Kodi Zimene Maso Anaona Zingafufutidwe?

Amene mukukhala kuno ku America mukudziwa zimene zimachitika mwezi wa March ukafika. Kuntchito anthu amagwira ntchito ndi diso limodzi, linalo lili pa TV kapena pa foni. Aliyense ali ndi pepala lake lolosera timu imene itenge chikho, ndipo ngakhale munthu amene sanagwireko mpira chibadwire amasanduka katswiri. Eni dziko amautchula mpikisanowu kuti March Madness. Kwa inu amene muli ku Johannesburg, ku Harare kapena ku Manchester, ingodziwani kuti ndi mpikisano wa basketball wa matimu oposa 60 a m'mayunivesite, wachipulula, ukagonja kamodzi walongedza, ndipo umatha milungu itatu. Amauyendetsa ndi bungwe lotchedwa NCAA.

Chaka chilichonse nyengoyi ikafika ndimamva dandaulo lomwelomwelo kwa ochemerera achikulire: mpira unali kale, walero ndi malonda. Akayamba kusimba nkhope zimawala. Wina akukumbutsani za 1979, pamene Magic Johnson wa ku Michigan State anakumana ndi Larry Bird wa ku Indiana State mu ndime yomaliza. Wina za 1983, pamene North Carolina State, timu imene anthu sankaiwerengera, inagonjetsa Houston ya Hakeem Olajuwon, mnyamata wa ku Lagos, 54-52 pa sekondi yomaliza, mphunzitsi wake Jim Valvano n'kumathamanga bwalo lonse kufuna woti amukumbatire. Wina za 1984, pamene John Thompson wa ku Georgetown anakhala mphunzitsi woyamba wakuda kutenga chikhochi. Ambiri amakumbukira ngakhale mpando umene anakhalapo pa 28 March 1992, pamene Christian Laettner wa ku Duke anawakha mpira kutatsala masekondi 2.1, natembenuka, naponya, Kentucky n'kugwa 104-103.

Nkhani zonsezi zimathera pa mfundo imodzi. Amati kale anyamata ankakhala pasukulu zaka zinayi, unkawadziwa mayina ndi nkhope, unkawaona akukula, ndipo ankasewera chifukwa chokonda jezi, osati ndalama. Ine masewero ambiriwa ndinachita kuwaonera pambuyo pake pa matepi, ndipo sindikutsutsa kuti anali okoma. Funso limene limandizunguza ndi la chilungamo. Kodi akuluakulu a bungwe ali ndi mphamvu youza munthu kuti zimene anaona ndi maso ake sizinachitike? Nanga munthuyo, akamakumbukira nyengo imene inamusangalatsa, ali ndi ufulu wosankha zoti asunge ndi zoti ataye? Nkhani imene imaika mafunso awiriwa poyera ndi ya anyamata asanu a ku Michigan.

M'chaka cha 1991 yunivesite ya Michigan, ku Ann Arbor, inalandira anyamata asanu ongochoka kumene ku sekondale: Chris Webber ndi Jalen Rose a ku Detroit, Juwan Howard wa ku Chicago, Jimmy King ndi Ray Jackson a ku Texas. Masiku amenewo mwana wa chaka choyamba kawirikawiri ankakhala pabenchi n'kumaphunzira kwa akulu ake. Koma pa 9 February 1992, ku South Bend kumene abale athu ambiri akukhala, mphunzitsi wawo Steve Fisher anawayambitsa onse asanu pamodzi polimbana ndi Notre Dame, ndipo mapointi onse 74 a Michigan tsikulo anagoletsa ndi iwo okha. Anthu anawatcha Fab Five. Ankavala makabudula aatali ofika m'mawondo pamene anzawo ankavala tating'ono tothina. Anadziwikanso ndi masokosi akuda, nsapato zakuda, mitu ya mipala ndi kulankhula modzitama m'bwalo. Akuluakulu ambiri anadana nawo, ena mpaka kulembera yunivesite makalata onyoza khungu lawo. Koma ana a dziko lonse anayamba kuvala ngati iwo.

Anafika mu ndime yomaliza zaka ziwiri zotsatizana. Mu 1992 Duke inawakwapula 71-51. Mu 1993, pa 5 April ku New Orleans, anakumana ndi North Carolina. Kutatsala masekondi 11, Michigan ikutsalira 73-71, Webber atapanikizidwa pakona ndi adani awiri anapempha timeout, kampumulo kamene timu imaloledwa kupempha kangapo pa masewero kuti ipangane nzeru. Tsoka ilo, Michigan inali itamaliza kale timipumulo take tonse. Oyimbira anapereka chilango, North Carolina inagoletsa, masewero n'kutha 77-71. Mnyamatayo anali ndi zaka 20. Sanasewererenso Michigan. Chaka chomwecho anapita ku ligi ya akatswiri ya NBA monga woyamba kusankhidwa.

Mlandu suola. Mu February 1996 galimoto imene munali osewera ena a Michigan inagubuduka, ndipo pofufuza kumene anyamatawo ankachokera usiku umenewo panatuluka dzina la Ed Martin, bambo wa ku Detroit amene anagwirapo ntchito ku fakitale ya Ford ndipo ankayendetsa juga yosaloledwa. Ofufuza a boma anapeza kuti Martin anapereka ndalama zokwana $616,000 kwa osewera anayi: Webber, ndi ena atatu amene anabwera pambuyo pake, Robert Traylor, Maurice Taylor ndi Louis Bullock. Za Webber anati zinali $280,000, kuyambira ali ku sekondale. Malamulo a NCAA ankaletsa wosewera kulandira ngakhale kangachepe chifukwa cha luso lake. Fisher anachotsedwa ntchito mu 1997, ndipo mu 2003 Webber anavomera mlandu wonyoza khoti pa zimene anayankha pofunsidwa za ndalamazi.

Mu November 2002 yunivesite inadzilanga yokha. Inafufuta m'mabuku masewero awiri omaliza a mpikisano wa 1992, nyengo yonse ya 1992-93, ndi nyengo zinayi kuyambira 1995 mpaka 1999. Inabweza ku NCAA ndalama pafupifupi $450,000. Nsalu zachikumbutso zimene zinkalendewera kudenga la bwalo lawo, Crisler Arena, anazitsitsa, nazipinda, nakazisunga ku nyumba yosungiramo zakale. NCAA inaonjezerapo kuti yunivesite isayanjane ndi Webber mpaka 2013. Rose, Howard, King ndi Jackson sanali pa mndandanda wa anayi aja, koma thukuta lawo linafufutidwira limodzi.

Tiyeni tione bwino chimene kufufuta kumeneku kumatanthauza. Mu ndime ya matimu anayi ya 1993 Michigan inagonjetsa Kentucky 81-78. M'mabuku Michigan sinapambane masewero amenewo, koma Kentucky nayo sinapatsidwe chipambano. Inagonjabe, kungoti inagonja kwa palibe. Zoterezi zinachitikanso mu 2018, pamene NCAA inalanda yunivesite ya Louisville chikho cha 2013 chifukwa wantchito wina wa timuyo ankabweretsa akazi olipidwa m'nyumba zogona osewera pofuna kukopa anyamata atsopano. Chikhocho sanachipereke kwa amene anagonja mu ndime yomaliza, amene modabwitsa anali Michigan yomweyo. Mzere wa 2013 anangousiya wopanda mwini. Anthu oposa 70,000 anali m'bwalo ku Atlanta usiku umenewo, ndipo anaona timu ikunyamula chikho. Nanga tiziti anaona chiyani?

Amene amaikira kumbuyo chilango chotere ali ndi mfundo zawo, ndipo si zachibwana. Amati lamulo linkadziwika kwa aliyense. Panali masukulu ena amene analisunga, nataya anyamata aluso chifukwa chokana kuwapatsa kenakake m'seri, nagonja m'bwalo. Mukamusiyira wophwanya lamulo nsalu yake kudenga, mwamuuza wosunga lamulo kuti anali chitsiru. Amatinso ndalama za Martin sizinali mphatso ya amalume okonda mwana. Zinkachokera ku juga, ndipo wosewera amene ali ndi ngongole kwa munthu wa juga ali pangozi, iye pamodzi ndi masewerowo, chifukwa tsiku lina mwini ngongole angamuuze kuti aphonye dala. Zonsezi ndikugwirizana nazo. Chilango chinayenera kukhalapo, makamaka kwa akuluakulu amene ankaona bamboyu akuzungulirazungulira timu koma osafunsa.

Pamene ndimasiyana nawo ndi pa mtundu wa chilangocho. Kulipitsa sukulu ndi chilango, kuchotsa munthu ntchito ndi chilango, kuletsa timu kulowa mumpikisano ndi chilango. Koma kulemba kuti zimene zinachitika sizinachitike ndi kuyankha chinyengo ndi bodza. Madzi akatayika saoleka. Ndipo taonani chimene chinatsalira Webber. Chipambano chilichonse cha nyengo ija anamulanda, koma timeout ija palibe anamuchotsera. Amaionetsabe pa TV, anthu amamusekabe nayo, ngakhale kuti mwa malamulo nyengo imeneyo ya Michigan kulibe. Anachotsa ulemu nasiya manyazi. Kwa ine njira yachilungamo inali kusiya nsalu ija kudenga, ndipo pansi pake n'kulemba zonse: anyamatawa anafika mu ndime yomaliza, mmodzi mwa iwo analandira ndalama zakuti kwa munthu wakuti, akuluakulu sanachite udindo wawo. Mwana wa lero akanawerenga n'kuphunzirapo kanthu. Denga lopanda nsalu silimuphunzitsa chilichonse.

Pamenepa ochemerera achikulire aja amandiombera m'manja, chifukwa nawonso amati NCAA singawalande zimene anaona. Koma funso lachiwiri lija likuwadikira. Iwonso amafufuta. Bungwe limafufuta chipambano kuti libise manyazi, ndipo wochemerera amafufuta manyazi kuti chipambano chimukomere. Akamati kale anyamata ankasewera chifukwa chokonda jezi basi, ndalama mulibe, ndiye kuti naye watsitsa nsalu ina kudenga la mtima wake.

Ndalama zinalimo, zambirinso. Mu 1989 kampani ya TV ya CBS inagwirizana ndi NCAA kulipira $1 biliyoni kuti izionetsa mpikisanowu kwa zaka zisanu ndi ziwiri kuyambira 1991, chaka chomwe anyamata asanu aja anafika ku Ann Arbor. Mu 1999 mgwirizano watsopano unali wa $6 biliyoni, ndipo mu 2010 CBS ndi Turner anasaina wa $10.8 biliyoni. Aphunzitsi a matimu ankalandira ndalama ku makampani a nsapato kuti anyamata awo azivala nsapato za makampaniwo. Masitolo ankagulitsa jezi ya Michigan ya nambala 4, ndipo aliyense ankadziwa kuti nambala 4 ndi Webber. Wojambula, wogulitsa matikiti, woulutsa mawu, wosesa m'bwalo, onse ankalandira malipiro. Amene lamulo linkawaletsa kulandira anali okhawo amene anthu ankabwera kudzawaona.

Wina anena kuti ankalandira maphunziro aulere. Zoona, ndipo ife amene tikudziwa mtengo wa sukulu kuno sitingapeputse zimenezo. Fizi, chipinda, chakudya ndi mabuku si zinthu zochepa, ndipo alipo ambiri amene anatukula mabanja awo chifukwa cha mwayi umenewu. Koma tikumbukirenso kuti kuyambira 1973, kwa zaka pafupifupi 40, thandizoli linkaperekedwa kwa chaka chimodzi chimodzi, ndipo sukulu inkatha kusaliwonjezera ngati mphunzitsi sakukufunanso. Wosewera akafuna kusamukira ku sukulu ina ankayenera kukhala chaka chathunthu osasewera, pamene mphunzitsi wake ankatha kuchoka lero n'kuyamba ntchito kwina mawa. Walter Byers, amene anatsogolera NCAA kuyambira 1951 kwa zaka zoposa 30, anafotokoza yekha m'buku lake la 1995, Unsportsmanlike Conduct, kuti dzina lakuti student-athlete analilimbikitsa dala kuti wosewera akavulala asamaonedwe ngati wantchito woyenera chipukuta misozi. Mwini nyumba ndiye anaulula m'mene anaimangira.

Ngakhale nkhani ya zaka zinayi ija siyathunthu. Patrick Ewing anakhaladi zaka zinayi ku Georgetown, Laettner zinayi ku Duke. Koma Magic Johnson, amene amamutchula poyamba akamasimba za kale, anachoka atatha zaka ziwiri zokha. Michael Jordan ndi Olajuwon anapita ku NBA mu 1984 asanamalize. Amene khomo linawatsegukira ambiri ankatuluka. Mwa amene ankatsala, ena ankatsaladi chifukwa cha chikondi, ena chifukwa panalibe kolowera. Ife pabenchi la ochemerera sitinkatha kusiyanitsa, ndiye zonse tinazitcha kukhulupirika.

Amene anagwedeza nyumbayi anali mmodzi wa ngwazi za nyengo yomweyo. Ed O'Bannon anatsogolera UCLA kutenga chikho mu 1995. Ku NBA sanakhalitse, ndipo patapita zaka, akugulitsa magalimoto ku Nevada, anadziona yekha m'masewero a pakompyuta: thupi lake, nambala yake, dzanja lake lamanzere, popanda womupempha kapena kumulipira. Anakasuma mu 2009, ndipo mu 2014 woweruza Claudia Wilken anagamula kuti malamulo a NCAA ankaphwanya lamulo la mpikisano pa malonda. Mu June 2021 khoti lalikulu la dziko lino linagamula mlandu wina, wa Alston, motsutsa NCAA, oweruza onse 9 mogwirizana. Kuyambira pa 1 July 2021 osewera analoledwa kupeza ndalama pogwiritsa ntchito dzina ndi nkhope zawo, ndipo chaka chomwecho lamulo lokhala chaka osasewera linafewetsedwa. Mu June 2025 Wilken yemweyo anavomereza mgwirizano woti osewera akale apatsidwe pafupifupi $2.8 biliyoni, ndiponso woti masukulu azitha kulipira osewera awo mwachindunji. Ndalama zobwezazo ndi za amene anasewera kuyambira 2016. A 1992 mulibemo.

Ndiye mpira walero ndi umene achikulire aja akuunyoza. Mnyamata chaka chino ali ku sukulu iyi, chaka chamawa kwina kumene ampatsa zambiri. Usanazolowere dzina lake wapita. Ndikumvetsa chimene chikuwapweteka, ndipo sindikunena kuti angokhala chete. Pali chinthu chenicheni chimene chinatayika: kuona anyamata omwewo akugonja limodzi chaka chino n'kubwerera limodzi chaka chamawa atakhwima, m'mene Duke inachitira pogonja kwa UNLV 103-73 mu 1990 n'kudzaigonjetsa timu yomweyo mu 1991. Chidani chokoma cha pakati pa matimu chimafuna nkhope zodziwika. Munthu ali ndi ufulu wolira chimenecho, ndipo ife amene tili kutali ndi kwathu timadziwa bwino m'mene kale limakomera likamatalikira.

Koma kulira nyengo ndi kufuna kuti ibwerere ndi zinthu ziwiri zosiyana. Walira mvula walira matope. Amene akufuna mpira wa 1992 ubwerere akupemphanso kuti mwana wa mayi wosauka wa ku Detroit adzaze bwalo la anthu zikwi makumi, alemeretse sukulu, kampani ya TV ndi ya nsapato, kenako abwerere kuchipinda m'thumba mulibe kanthu, ndipo akalandira envulopu m'seri atchedwe wachinyengo moyo wake wonse. Sindikunena kuti Webber analibe mlandu. Kutenga ndalama kwa munthu wa juga kunali kolakwika kale, ndi kolakwikabe lero. Ndikunena kuti lamulo limene linatseka khomo lapoyera ndi limene linachititsa kuti anthu ngati Martin apeze malo. Mnyamata wa luso la Webber lero akanasaina mapepala masana, maloya alipo, msonkho n'kulipira.

Tsono udindo wa wokumbukira ndi wotani? Ine ndikuona kuti ndi womwewo umene tikufuna kwa bungwe lija: asachotse kanthu. Ngati tikukana kuti NCAA itiuze kuti Michigan sinagonjetse Kentucky, ifenso tisawauze ana athu kuti masiku amenewo mpira unali woyera. Tiwauze za makabudula aatali ndi masokosi akuda, za mapointi 74 a ku South Bend, za masekondi 11 a ku New Orleans. Tiwauzenso za $1 biliyoni ya CBS, za jezi ya nambala 4, za Ed Martin, ndi za anyamata ambirimbiri amene mayina awo sitiwakumbuka n'komwe, amene anathyoka mawondo kutisangalatsa ife, ku NBA osafika, ena digiri osaitenga. Chisangalalo chimene tinachipeza chinali chenicheni, ndipo chinali ndi mtengo umene analipira ndi ena. Munthu wamkulu ayenera kutha kunyamula zonse ziwiri.

Juwan Howard anabwerera ku Michigan mu 2019 monga mphunzitsi wa timu, nakhalapo mpaka 2024. Mu January 2024 anyamata asanu aja, tsopano abambo a zaka za m'ma 50, anakumananso onse m'bwalo la Crisler, ndipo anthu anawalandira ndi m'manja. Ambiri mwa ana asukulu amene analipo tsikulo anali asanabadwe mu 1993. Anamva kwa makolo awo, chifukwa m'mabuku a masewero nyengoyo mulibe. Zimenezi zikutiuza kuti amene asunga mbiri imeneyi ndi ife osimba, ndipo mwana adzadziwa zokhazo zimene tasankha kumuuza.

March akadzafikanso, mnzanu wa kuntchito akadzayamba kuti mpira unali kale, musamutsutse. Mumvetsereni mpaka amalize, chifukwa nkhani zake ndi zokoma ndipo zambiri ndi zoona. Akamaliza mufunseni mwaulemu kuti anyamata aja anapindulapo chiyani, ndipo ali kuti lero. Awa ndi maganizo anga. Amene mukuona mosiyana, makamaka inu a ku Michigan, ku Indiana ndi ku Kentucky amene nkhanizi mumakhala nazo pakhomo, bwalo ndi lanu.